Tsamba Limene Tinagulitsirapo Mtedza Umene Tinalibe

Tiyamike ndi Fatsani, ana anga, za ubwana wanga munazimva kale kwa amalume anu, sindibwerezanso. Pano ndikulemba za ntchito, makamaka za zaka zimene ndinali mlembi wa bungwe la alimi a mtedza m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Mwakula mukumva anthu akunena kuti amayi anu ndiwo anagwetsa bungwelo. Si bodza lokhalokha ayi. Koma ndikufuna mumve kwa ine mwini mmene zinayendera.

Dowa Boma, zaka zomaliza za chipani chimodzi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa depoti ya kampani yogula mbewu kwa alimi. Ndinali wotayipa makalata. Abwana athu, a Mzembe, anali munthu wosaseka, wa jekete limodzi lomwelo dzinja ndi chilimwe, koma ntchito anandiphunzitsa. Kalata ikabwera Lolemba, yankho lituluke pofika Lachitatu, ngakhale yankholo likhale lakuti sitikudziwa. Ndikaphonya chilembo chimodzi ankabweza pepala lonse osanena kanthu, kungoloza ndi chala basi. Ndinakhala pamenepo zaka khumi ndi zitatu. Matipate atabwera mu 1994 ndinavina nawo pamsewu ngati wina aliyense, koma sipanapite nthawi yaitali misika ing'onoing'ono ya kumidzi inayamba kutsekedwa, ndipo dzina langa linapezeka pa mndandanda wa ochotsedwa. Kalata yondichotsa ntchito ndinaitayipa ndekha, poti wotayipa wina panalibe. Chaka chomwecho tinaika abambo anu. Iwe Fatsani unali usanayambe sukulu.

Msakambewa, chaka chotsatira

Amene ananditola anali a Chimbalanga. Kale anali mlangizi wa zaulimi, ndipo atapuma anasonkhanitsa makalabu a alimi kuchokera ku Chezi, Msakambewa mpaka kutsidya kwa Ntchisi kuti azigulitsa mtedza pamodzi. Ndinene poyera kuti a Chimbalanga sanali wakuba. Njinga yawo yamoto inali yomangidwa ndi mawaya, nsapato zawo zinali zodyeka kumbali. Vuto lawo linali pakamwa. Chinthu akachilota, ankachinena ngati chachitika kale, ndipo ankayamba kuchikhulupirira okha.

Ofesi yathu inali zipinda ziwiri, yopanda magetsi, yopanda foni. Mapepala akatha tinkatembenuza akale. Riboni ya taipi ndinkaidontheza mafuta a makina osokera kuti ilembeko mlungu wina. Kuseri kunali shedi yakale yosankhiramo fodya, ya malata obooka, ndipo ndimo tinkasungira mtedza. Masiku amenewo mavenda anali atadzaza midzi ndi masikelo awo opachika pamtengo. Mlimi ankaona yekha kuti sikelo yamubera, koma kwina kopita analibe. Ife tinkalonjeza mtengo wabwino, koma ogula aakulu sankatidziwa. Chaka choyamba ndi chachiwiri a Chimbalanga ankayenda ndi kathumba ka mtedza m'maofesi a ku Lilongwe ngati wopempha, n'kubwera ndi malonjezo okhaokha.

Mwa atsogoleri a makalabu, amene ankandivuta kwambiri komanso amene ndinkamukonda anali Nachisale wa ku Chezi. Anali msinkhu wanga, mayi wa ana asanu, mwamuna wake anapita ku Joni osabweranso. Sankadziwa kuwerenga, koma akanyamula thumba ndi dzanja limodzi ankakuuza kulemera kwake osaphonya. Pamsonkhano a Chimbalanga akamalankhula, iye ankayang'ana nkhope yanga. Tsiku lina anandiuza kuti, “Ine abwana anuwa sindiwamvera, aNambewe. Ndimaona inu. Mukagwedeza mutu, ndimadziwa kuti zilipo.”

Lilongwe, nyengo yozizira ya chaka chachitatu

Nkhani ya intaneti inabwera ndi a Jere, munthu amene anali atakhala kunja zaka zambiri n'kubwera kudzatsegula ofesi ya makompyuta ku Lilongwe. Anakumana ndi a Chimbalanga pa msonkhano wina wa mabungwe, ndipo anawauza kuti akhoza kutikonzera tsamba limene wogula wa ku Blantyre kapena wa kunja angalione ali paofesi pake, n'kutilembera kalata nthawi yomweyo. A Chimbalanga anabwera maso akuwala. “Basi aNambewe, kuyenda ndi kathumba kwatha. Tsopano ogula azititsata okha.”

Anandituma limodzi nawo chifukwa ndine ndinkadziwa kutayipa. Aka kanali koyamba kuti ndigwire kompyuta. Zilembo zinali pamalo omwe aja a pa taipi yanga, kungoti zofewa, ndipo a Jere anaseka ataona mmene ndinkazimenyera. Anatikhazika pansi ndi pepala loyera n'kunena kuti tisanayambe tiyankhe mafunso. Tikufuna wogula wotani? Akalowa pa tsambalo aone chiyani poyamba? Tili ndi mtedza wamtundu wanji, wochuluka bwanji, miyezi iti? Akafuna kufunsa, alembe pati, ndipo amuyankhe ndani?

Funso lomalizali ndilo linandigwira ine. Ndinati, “Bambo Jere, kwathu kulibe foni. Munthuyo akalemba, kalatayo ikatera kuti?”

“Itera muno,” anatero a Jere. “Koma ine sindingayankhe. Mtedza sindiudziwa.”

Tinagwirizana kuti Lachisanu lililonse ndizikwera matola mpaka pa Boma, kenako minibasi ya ku Lilongwe, ndikatenge makalatawo atasindikizidwa, ndipo mayankho a mlungu wapitawo ndikawatayipe pa kompyuta yawo. Ndinapempha kuti pa tsambapo tilembe poyera kuti yankho limatenga milungu iwiri, kuti munthu asamadikire mumdima. Ndinapemphanso kuti wofunsa azilemba dzina, kumene ali, mtundu wa mtedza ndi ntchito imene akuufunira. A Jere anavomera zonsezi. Mpaka lero ndimanyadira mbali imeneyo.

Pa kuchuluka kwa mtedza ndi pamene tinasiyana. Ine ndinanena zimene tinali nazo: lole imodzi pa chaka, mvula ikagwa bwino. A Chimbalanga anapukusa mutu. “Mukalemba lole imodzi, ndani atiyang'ane? Tsambali si la lero, ndi la kumene tikupita. Lembani kuti tikhoza kudzaza malole ochuluka mmene wogula angafunire.” A Jere anafunsa za zithunzi. Tinali ndi zithunzi za amayi a ku Chezi akuthothola mtedza, zabwino ndithu, Nachisale ali pakati. Koma a Chimbalanga anatulutsanso china cha nyumba yaikulu yosungiramo mbewu, ya simenti, matumba atasanjidwa mpaka kudenga. Sinali yathu. Anaijambula ali pa maphunziro kwina.

“Abwana, iyi si shedi yathu,” ndinatero chapansipansi.

“Idzakhala yathu. Mwana umamugulira malaya aakulu kuti akuliremo.”

A Jere anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Ndinali ndi ana awiri ndi ntchito imodzi. Ndinatayipa.

Miyezi ya dzuwa, chaka chomwecho

Milungu yoyamba ndinkapita pachabe. Ndinkadzuka m'mawa, kukwera matola pamwamba pa matumba a makala, kufika ku Lilongwe fumbi lokhalokha, a Jere n'kungotambasula manja. Kenako makalata anayamba kudontha. Wina ankafuna ntchito. Wina ankafunsa ngati timagulitsa nyemba. Wina wa kunja ankafuna timutumizire zitsanzo pa ndege. Onse ndinawayankha, mmodzimmodzi, monga ndinaphunzirira.

Mu Okutobala inabwera imene tinkaidikira. Inachokera kwa mayi wina, a Gondwe, woyang'anira zogula pa kampani ya ku Blantyre imene inkapanga ufa wa phala la ana, wopita m'zipatala ndi m'masukulu a mkaka. Analemba kuti waona tsamba lathu, wasangalala kuti mtedzawo ndi wa amayi a kumudzi, ndipo akufuna malole atatu a mtedza wosenda, wouma bwino, wopanda chuku, tikakolola chaka chotsatira. Chuku ndi nkhungu ija imamera pa mtedza wonyowa, ndipo alangizi ankatichenjeza kuti imawononga chiwindi, makamaka cha ana.

A Chimbalanga anaiwerenga kalatayo kanayi. Yankho analemba ndi dzanja lawo: malole atatu si vuto. Ndinaitayipa imeneyonso. Ndipo ndinachita china choposa apo. Poti alimi ankandikhulupirira, anandituma ine kuzungulira makalabu ndi kalata ya mayi Gondwe, kuiwerenga m'Chichewa ndi kuwapempha kuti chaka chimenecho achulukitse mtedza, ngakhale kuchepetsako chimanga, ndipo akakolola asagulitse kwa mavenda.

Ku Chezi tinakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi tchalitchi. Nditamaliza kuwerenga, Nachisale anati, “Fodya ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Venda amaba, koma amabwera. Uyu wa m'makinayu mwamuona nkhope?”

“Sindinamuone,” ndinatero, “koma kalatayi ndi yeniyeni.”

“Ndiye ndichotse chimanga kumunda wa kudambo?”

Amayi onse anatembenukira kwa ine. Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Kukolola ndi kudikira, chaka chachinayi

Mtedza unabereka, koma osati wa malole atatu. Titasonkhanitsa wonse mu Julaye unakwana lole imodzi ndi theka. Ndinapempha a Chimbalanga kuti tilembere mayi Gondwe adzatenge umene ulipo. Anakana. “Tikangosonyeza kufooka ulendo woyamba, sadzabweranso. Tidzaza.” Anayamba kutenga mtedza kwa mavenda, powalonjeza gawo pa malondawo. Tsono mavenda ali ndi khalidwe lawo: amawaza madzi pa mtedza kuti usendeke msanga ndi kulemera pa sikelo. Matumba awo ankabwera ofunda m'kati. Ndinalowetsa dzanja m'thumba limodzi n'kuwaitana abwana kuti agwire. Anagwira, anati uuma wokha.

Makalata a ku Blantyre ankabwera mlungu ndi mlungu kufunsa tsiku. Ife tinkayankha kuti posachedwa. Ogasiti anadutsa, Sepitembala, Okutobala. Alimi ankabwera pa ofesi kudzaima pakhomo. Nkhokwe zawo zinali zitayamba kale kuoneka pansi chifukwa chimanga analima chochepa. Mu Novembala mvula yoyamba inagwa masiku atatu osalekeza. Ine ndi a Chimbalanga tinayala mapepala a pulasitiki, tinatchera ndowa ndi mabeseni, koma malata aja anali ngati sefa. Patatha milungu iwiri ukatsegula chitseko cha shedi fungo linkakukankha. Ukathyola njere, m'kati munali mwachikasu ndi mobiriwira, ndipo ukalawa inkawawa. Chuku cha m'matumba a mavenda chinalowanso m'matumba a alimi athu, amene anaumitsa wawo mosamala.

Nthawi yomweyo inabwera kalata yomaliza ya mayi Gondwe. Malole anali okonzeka kunyamuka mlungu wotsatira. Anangopempha chinthu chimodzi: titsimikize kuti mtedzawo ndi wouma ndi wopanda chuku, chifukwa makina awo oyezera anali atawonongeka, ndipo adzangotsegula matumba owerengeka n'kudalira mawu athu.

Lachinayi masana a Chimbalanga anandiitana m'chipinda chawo. Anali ataonda, kolala ya shati ikuwazungulira. Anandipatsa yankho lolemba pamanja, n'kunena kuti matumba abwino adzawasanja kumapeto ndi pamwamba.

“Abwana, mtedzawu ukupita m'phala la ana.”

“Akaukazinga, aNambewe. Moto umapha zonse.”

“Inu munali mlangizi. Ndinu munatiphunzitsa kuti chuku sichifa ndi moto.”

Anandilozera pakhomo. Kenako anati, “Tulukani panja muone anthu amene akhala pakhondepo. Awonso ali ndi ana. Ana a ku Blantyre simukuwadziwa, ndipo mwina sadzadwala n'komwe. Awa mukuwadziwa maina. Malole akapanda kubwera, Januwale adya chiyani? Ine ndinalakwa, ndikudziwa. Koma lero kulibe njira ina.” Sanakalipe. Akanakalipa zikanandipepukira.

Lachisanu lija

Pepalalo ndinaliika m'chikwama n'kukwera matola. Njira yonse ndinkayesa kudziuza kuti ine ndine zala chabe, mawu ndi a abwana. Zaka zonse za ntchito ndinkakhala choncho, ndipo palibe amene anandiimbapo mlandu. Pa Boma, podikira minibasi kuti idzaze, ndinaona amayi akutuluka ku chipatala ndi timatumba ta ufa wa phala timene amalandira a ana onyentchera. Mmodzi anakhala pafupi nane, mwana ali kumsana, tsitsi lofiira lopyapyala, mutu ukulendewera. Sindikudziwa ngati ufawo unali wa kampani ija. Sindinafunse. Koma kuyambira pamenepo sindinathenso kunena kuti anawo sindikuwadziwa.

Kwa a Jere ndinakhala pa kompyuta, pepala la abwana lili pambali. Ndinalemba zanga. Ndinauza mayi Gondwe kuti mtedza wambiri wachita chuku ndipo sungayenere ana; kuti malole atatu sitinakhalepo nawo; kuti nyumba ya pa chithunzi si yathu. Ndinawapempha kuti ngati angalole, amayi athu asankhe njere imodziimodzi, mwina tipeze theka la lole labwino. Pansi ndinalemba dzina langa, osati la a Chimbalanga. A Jere anawerenga ali chiimire kumbuyo kwanga n'kufunsa kuti, “Mayi, a Chimbalanga akudziwa?” Ndinati adziwa madzulo ano. Anandifunsa kachiwiri ngati atumize. Ndinati tumizani.

Yankho linabwera ndisanachoke. Linali laulemu, la mizere inayi. Anathokoza chifukwa cha chilungamo, anati theka la lole silingawathandize ndipo sangaike ana pa chiswe ndi mtedza wochokera m'shedi imeneyo, ndiye ayang'ana kwina.

Nditafika ku Msakambewa ndinapereka mapepala onse awiri kwa a Chimbalanga. Anawerenga, anavula magalasi, anati, “Mwatipha, mayi.” Komiti inakumana Lachiwiri lotsatira. Anandifunsa ngati ndinatumidwa kulemba zimenezo, ndinati ayi. Anandifunsa ngati wina wandipatsa kanthu, ndinati ayi. Wapampando anati mlembi amene amasintha mawu a bungwe sangasungidwe. Mlandu wa mavenda ndi wa chithunzi sunakambidwe, chifukwa a komiti ambiri ankadziwa kale. Ndinapereka makiyi. Mtedzawo anaubweza kwa eni ake, aliyense matumba ake, ndipo mavenda anatenga wawo n'kukausakaniza ndi wina m'misika. Bungwelo silinaonenso kukolola kwina. A Chimbalanga anabwerera kumudzi kwawo ku Ntchisi, ndipo sitinalankhulanenso mpaka imfa yawo. Ku maliro ndinapita, ndinakhala kumbuyo.

Tsamba lija linakhalabe pa intaneti kwa nthawi. A Jere anandiuza pambuyo pake kuti makalata ankabwerabe, anthu akufunsa za mtedza wa amayi a pa chithunzi, ndipo panalibe wopita kukawatenga. Ine ndinadzapeza ntchito yotayipa mayeso pa sukulu ina ya mishoni, kumene ndinakhala mpaka kupuma. Inu munakulira kumeneko, zimenezo mukuzidziwa.

Chezi, Febuluwale wotsatira

Chimene simukuchidziwa ndi ichi. Njala itafika pachimake ndinatenga ndowa imodzi ya chimanga, mwa ziwiri zimene tinatsala nazo, n'kupita kwa Nachisale. Palibe amene anandituma. Ndinkafuna andikalipire, mwina mtima ukanakhala pansi.

Ndinamupeza pakhonde akusinja. Anali atatha thupi moti ndinamuzindikira ndi mawu. Anandiyalira mphasa, anandipatsa moni wonse bwinobwino, anafunsa za inu. Ana ake awiri aang'ono anakhala chapafupi, aliyense ndi kambale. Mu mtondomo munali mtedza, ndipo fungo lake ndinalidziwa ndisanayang'ane.

“Nachisale, umenewu usawapatse anawa.”

Sanasiye kusinja. “Ndiwapatse chiyani? Venda waukana, akuti wawola kwambiri. Chimanga cha kudambo ndinachotsa, mukudziwa amene anandiuza.”

“Ndinali ine.”

“Munali inu.” Anaika musi pansi n'kupukuta manja pa chitenje. “Anthu akuti munalakwa kuwauza a ku Blantyre aja. Ine sindikutero. Mwana ndi mwana, kaya ndi wa ndani. Zija munachita bwino. Koma chilungamo chanucho, aNambewe, munali nacho tsiku lija pansi pa mango paja? Kapena chinakupezani mochedwa, titadzala kale?”

Ndinamukankhira ndowa ija. Anaiyang'ana, anaitana mwana wake wamkazi kuti akakhuthule m'nyumba, n'kundibwezera ndowa yopanda kanthu. Anathokoza ndi manja awiri monga mwa mwambo.

“Ichi chitifikitsa Lamlungu la mawa,” anatero. “Kenako tibwerera ku mtedza wathu.”

Anandiperekeza mpaka pa msewu, monga amachitira ndi mlendo aliyense. Posiyana ndinafuna kunena kuti andikhululukire, koma anandidula.

“Pitani, matola akusiyani. Anawo akudikira ndikawapatse.”